Chinsinsi cha Mbale Chili Kunsi

Ku Stoke-on-Trent, m'boma la Staffordshire ku England, kuli khalidwe lomwe mlendo angaliyese mwano. Munthu wakumeneko akakhala patebulo m'lesitilanti, chakudya chisanabwere, amayamba wanyamula mbale yomwe amuikira n'kuitembenuza kuti aone chidindo chakunsi kwake. Akufuna adziwe fakitale yomwe inaumba mbaleyo. Eni ake amadziseka okha kuti onse ndi mamembala a Turnover Club, bungwe lopanda ofesi kapena msonkho. Sangachitire mwina. Matauni asanu ndi imodzi omwe anaphatikizana mu 1910, a Tunstall, Burslem, Hanley, Stoke, Fenton ndi Longton, akhala akudalira ntchito youmba kwa zaka zoposa 300, ndipo mabanja ambiri ali ndi agogo omwe anaumbapo, kupentapo kapena kusenza mbale pamutu kukalonga mu uvuni.

Khalidwe limeneli ayenera kuliphunzira aliyense amene malemu amusiyira mbale zakale, makamaka zija pabanja amati "za ku Japan". Amalawi omwe amasamalira okalamba m'nyumba za ku Midlands amaziona mbalezi ngakhale ena sadziwa dzina lake. Zimakhala m'kabati yagalasi kapena pakhoma, zopentedwa buluu woderako, kufiira kwa njerwa yopsa bwino, ndi golide. Pakati pamakhala dengu kapena mtsuko wa maluwa, m'mphepete mogawidwa tizigawo ta mbalame, nthambi ndi timizeremizere. Zimenezi ndi Imari. Mwini wake akatsamira mkono ana amagawana, wina mumtima n'kumati nyumba yogula yapezeka. Pena zimakhaladi zamtengo wapatali, koma kawirikawiri ayi. Ndipo si zachilendo kupeza kuti mbale "ya ku Japan" sinawolokepo nyanja chiumbidwireni: kwawo ndi ku Fenton, mtunda woyenda wapansi kuchokera pakhoma pomwe yapachikidwa.

Zenizenizo zinkaumbidwa ku Arita, tauni ya m'mapiri pachilumba cha Kyushu ku Japan, n'kumakakwezedwa m'zombo padoko la Imari. Mbiri yomwe a ku Arita amasunga imati mu 1616 woumba wa ku Korea, Yi Sam-pyeong, mmodzi mwa amisiri omwe anachotsedwa kwawo pa nkhondo za mtsogoleri wa Japan, Toyotomi Hideyoshi, za m'ma 1590, anapeza mwala woyera pa Izumiyama. Mwalawo akausinja, kuuviika ndi kuusefa, umatulutsa dothi lomwe likapsa pamoto wa madigiri pafupifupi 1,300 limalimba gwa n'kuyera mbee. Ndiye porcelain ameneyo. Mwayi wa Arita unadza ndi tsoka la China. Ufumu wa Ming utagwa mu 1644, nkhondo zinasokoneza malonda a mbale za ku Jingdezhen, ndipo a Dutch East India Company, Azungu okhawo omwe ankaloledwa kuchita malonda ndi Japan kudzera pakachilumba ka Dejima ku Nagasaki, anatembenukira ku Arita. Oda yawo yoyamba yaikulu inali ya mu 1659. Zina mwa ziwiya za ku Arita zomwe zikadali m'nyumba ya Burghley House ku England zinalembedwa kale m'kaundula wa katundu wa nyumbayo wa mu 1688.

Tiyeni tiinyamule imodzi, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Dzanja ndilo limayamba kudziwa: ndi yolemera, yokhuthala kuposa momwe diso limaganizira. Kuyera kwake si kwa pepala, kuli ndi kamtundu kotuwira kopita ku buluu. Mukayang'ana ndi galasi lokuza zinthu, m'chikuto chagalasi chomwe chakuta mbale yonse muona tithovu tating'onoting'ono tomwe tinatsekeredwamo pamoto. Tsopano yendetsani chala pamwamba. Pabuluu chala chikungoterera osamva kanthu, chifukwa buluuyo ali pansi pa chikutocho. Chikafika pa duwa lofiira chikumva kampanda pang'ono, pakuti kufiirako ndi golide zinakhala pamwamba, ndipo zinawotchedwa padera pamoto wocheperako, wa madigiri 800 kapena chapompo.

Apa ndiye pali luso lomwe ine sindimatopa nalo. Wopenta buluu ankagwira ntchito pa dothi lomwe silinakutidwe, lomwe limamwa utoto nthawi yomweyo burashi ikangokhudza. Kufufuta kulibe. Utoto wakewo, wa cobalt, usanapse umaoneka wotuwa ngati matope, moti mmisiri ankapenta mtundu womwe maso ake sakuuona, kudalira zomwe dzanja linazolowera. Mmodzi ankalemba mizere yokhayokha ndi kaburashi kosongoka. Wina ankadzaza m'kati ndi chiburashi chonenepa chotchedwa dami, chomwe chimasunga utoto wamadzimadzi wambiri. Amachifinya pang'onopang'ono ndi zala uku akupendeketsa mbale kuti utoto uziyenda wokha mpaka pamzere, wotsala n'kuuyamwanso ndi burashi yomweyo. Pamasamba a mbale yakale mungaone pomwe utotowo unadikha n'kuderapo ndi pomwe unapyapyala. Makina sachita zimenezo.

Komanso wabuluuyo sankamaliza chithunzi. Ankapenta masamba ndi nthambi n'kusiya mipata yoyera pomwe padzakhale maluwa. Maluwawo ankadzawaika munthu wina, kunyumba ina, mbale itapsa kale, mumsewu wa Akaemachi, komwe boma la chigawocho linasonkhanitsa mabanja ochepa ololedwa kupenta utoto wapamwamba kuti chinsinsi cha kasakanizidwe kake chisatuluke. Taganizani za kukhulupirirana kumeneko: kusiya dzenje lokwanira duwa lomwe sudzaliona, ndipo mnzako n'kudzalikhazika momwemo ndendende. Pena mnzakoyo ankaphonya pang'ono, duwa n'kukwera pa tsamba, ndipo odziwa mbale amakondwa akapeza poterepo chifukwa ndi umboni wa manja awiri.

Tsopano chitani za ku Stoke, itembenuzeni. Mkombero womwe mbale imakhalira ndi wosakutidwa, ndipo mpomwe mumaona dothi lenileni. M'kati mwa mkomberowo funani tizipsera tozungulira, titatu, tisanu kapena kuposapo. Mbale yotakata ikatentha kwambiri mu uvuni imafewa, pakati pake n'kufuna kugwera pansi, choncho a ku Arita ankaichirikiza ndi timisomali tadothi, tomwe ankatithyola mbale ikazizira. Tizipserato palibe anatiika kuti tikongoletse, koma ndi tomwe katswiri amayamba kufufuza. Atchaina, omwe atabwerera pamsika anayamba kutengera Imari n'kumagulitsa motchipa, mbale zawo zimakhala zopyapyala, zoyera kwambiri, ndipo kawirikawiri zilibe zipsera zotere.

Zolembedwa kunsi ndi zomwe zimapusitsa ambiri. Mbale zambiri zakale za ku Arita zilibe chidindo chilichonse. Zina zili ndi chilembo cha fuku, chofunira mwini mbale madalitso. Zina zili ndi dzina la Chenghua, mfumu ya ku China yomwe inalamulira kuyambira 1465 mpaka 1487, chonsecho mbaleyo inaumbidwa ku Japan patadutsa zaka mazana awiri kapena kuposa. Opentawo ankalemba dzinali chifukwa ziwiya za nthawi ya mfumuyo zinali zotchuka. Munthu akapeza zilembozi n'kuthamangira pa intaneti, usiku umenewo sagona, kuwerengera ndalama zomwe kulibe.

Pamwamba pa Imari wamba pali mitundu iwiri yomwe wolowa chuma angaipempherere. Kakiemon, yotchedwa dzina la banja la Sakaida Kakiemon, imakhala yoyera ngati mkaka, yopentedwa mosawira: kanthambi kamodzi, zinziri ziwiri, kwinako mbale n'kungoisiya ipume. Mfumukazi Mary II ya ku England inkasonkhanitsa zotere, ndipo a ku Meissen ku Germany, a ku Chelsea ndi a ku Bow ku London anazitengera. Nabeshima sinkagulitsidwa n'komwe. Inali ya mphatso za mfumu ya chigawo chomwe munali Arita kwa akuluakulu anzake, ndipo mbale zake zambiri zili ndi mkombero wautali wojambulidwa mano a chipeso. Zotere sizipezeka wambawamba m'makabati a ku Longton.

Nanga Fenton analowamo bwanji? Miles Mason anali wamalonda wa ziwiya za Kum'mawa ku London. Kampani ya Angerezi ya East India italeka kuitanitsa porcelain wambiri cha m'ma 1791, malonda ake anauma, koma makasitomala anali akufunabe mitundu yomweyo. Anasamukira ku Lane Delph, m'dera la Fenton, n'kuyamba kuumba yekha. Mu 1813 mwana wake, Charles James Mason, analembetsa kuboma dothi lake lotchedwa Patent Ironstone China, lolimba, lolemera, losaonetsa kuwala, ndipo analikuta ndi mapatani omwe ku Stoke ankangoti "Japan". Chapafupi pomwepo, ku Church Street, a Spode anali atapeza kale njira yawo: kusakaniza phulusa la mafupa a ng'ombe, pafupifupi theka la dothi lonse, ndi dothi loyera komanso mwala wa ku Cornwall. Zimenezo ndiye bone china. Patani yawo nambala 967, yomwe inatuluka zaka zoyambirira za m'ma 1800, ndi Imari wodzaza golide mpaka kuthobwa m'maso.

Pali osonkhanitsa mbale ena omwe amanyoza za ku Stoke kuti n'zokopera. Ine sindili nawo. Arita anaphunzira kwa Korea ndi China, China n'kudzakopera Arita, Meissen n'kukopera Kakiemon. Pamzere umenewu woyera m'manja palibe. Ndipo a ku Stoke sanangokopera, anabweretsa luso lawolawo, lodinda chithunzi pa dothi, lomwe Josiah Spode analikhwimitsa m'ma 1780. Mmisiri amagoba chithunzi pa chitsulo chamkuwa ndi kachitsulo kosongoka, pofunika kudera n'kugoba mozama, pofunika mthunzi n'kuboola timadontho zikwizikwi. Ntchito imodzi yotere inkatha milungu. Wodinda amapaka utoto wosakaniza ndi mafuta pa mkuwa wotentha, kupalapo wotsala, n'kudindira pa kapepala kopyapyala konyowa. Kamtsikana kankadula pepalalo ndi sizasi, mayi wina n'kuliyala pa mbale, kulikhutiza mwamphamvu kuti utoto ugwire, kenako n'kulitsuka ndi madzi. Pepala lathyathyathya kuliyala pa mbale yokhota popanda kukwinyika si masewera. Ku Middleport Pottery, ku Burslem, a Burleigh akuchitabe ntchitoyi ndi manja mpaka lero, ndipo munthu angathe kukaonerera.

Njira imeneyi imasiya mapazi ake. Zungulirani m'mphepete mwa mbale yodindidwa ndi galasi lokuza lija, mupeza msoko, pomwe nsonga ziwiri za pepala zinakumana, duwa n'kuduka pakati kapena mzere kuphonyana. Mithunzi yake ndi timadontho, osati kuyenda kwa burashi. Mukasanjika mbale ziwiri za seti imodzi, mizere yake ikufanana ndendende, pomwe za ku Arita zakale zimasiyana ngati ana a mimba imodzi. Pa mbale zambiri za Mason mizere ndi yodinda koma mitundu inadzazidwa ndi manja, mofulumira, utoto n'kumadumpha mzere. Akatswiri ena amati n'kusasamala. Kwa ine kufiira kolimba mtima kumeneko n'komwe kumazipatsa moyo, ndipo tisaiwale kuti opentawo, ambiri amayi ndi ana, ankalipidwa potengera kuchuluka kwa mbale zomwe amaliza.

N'chifukwa chake kunsi kwa mbale ya ku Stoke, pambali pa chidindo cha fakitale ndi nambala ya patani yolembedwa ndi utoto wofiira, mumapezeka kachizindikiro kena kakang'ono: timadontho tiwiri, kamtanda, kachilembo kamodzi. Kameneko ndi ka wopenta kapena wopaka golide, kuti kapitawo adziwe womulipira ndi womudula malipiro. M'zaka za m'ma 1800 oumba ambiri ankalipidwa pa ziwiya zokhazo zomwe zatuluka bwino mu uvuni, ngakhale cholakwa chikhale cha wosonkha moto. Fumbi linkawononga mapapo, mtovu wa m'chikuto chagalasi unkapha manja a oviika mbale. Mauvuni a malasha ooneka ngati mabotolo, omwe utsi wake unkadetsa mzinda wonse, anazima lamulo la Clean Air Act la mu 1956 litayamba kugwira ntchito, ndipo otsala ndi osakwana 50. Ena mwa iwo ali ku Gladstone Pottery Museum ku Longton. Wofuna kuphunzitsa maso ake apitenso ku Potteries Museum & Art Gallery ku Hanley, komwe ziwiya za ku Staffordshire zaunjikana zoti sungazimalize tsiku limodzi.

Pali mayeso ena achidule. Ikani tochi kuseri kwa mbale m'chipinda chamdima. Bone china imalola kuwala kudutsa mpaka zala kuoneka, ironstone imakana, ya ku Arita yokhuthala imalola pang'ono chabe, mwina m'mphepete. Mawu achingerezi kunsi amathandiza kudziwa zaka. Lamulo la ku America la McKinley la mu 1890 linalamula kuti katundu wolowa m'dzikolo azilembedwa dziko lochokera, choncho "England" ndi "Nippon" zimaloza kuyambira 1891. "Nippon" anamusiya mu 1921 n'kuyamba "Japan", ndipo "Made in Occupied Japan" ndi wa zaka za pambuyo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, mpaka 1952. Chidindo cha Angerezi chooneka ngati dayamondi chinagwira ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883. Mbale yolembedwa "Made in Japan" singakhale ya m'ma 1700, kaya agogo analumbira motani.

Zoona zake n'zakuti mbale zambiri za ku Japan zomwe mabanja a ku England amasiyirana ndi za nthawi ya Meiji, 1868 mpaka 1912, kapena za pambuyo pake. Japan atatsegula madoko ake, Arita anayambiranso kutumiza katundu kunja, tsopano mochuluka zedi. Katswiri wa ku Germany, Gottfried Wagener, atafika ku Arita mu 1870, anathandiza kufalitsa cobalt wopangidwa m'fakitale, ndipo buluu wa mbale zambiri za nthawiyi ndi wowala mokuwa, wosiyana ndi buluu wofatsa wakale. Zotchipa zinayamba kudindidwa, zina m'mphepete mwake n'kukhala mwa manyirinyiri. Koma nthawi yomweyi inatulutsanso ntchito yapamwamba ya Koransha, yomwe chidindo chake ndi duwa la orchid, ndi Fukagawa, wa chidindo cha phiri la Fuji. Kwinaku kuli makapu a tiyi opyapyala ngati chikamba cha dzira, omwe mukawayang'anitsa kudzuwa pansi pake pamaoneka nkhope ya mkazi. Ndi okongola ndithu, koma anapangidwa ochuluka kwambiri moti mtengo wake ndi wochepa.

Tafika pa ndalama. Ukalamba pawokha sugulitsa mbale. Wowerengera mtengo amayang'ana kusowa kwa mtundu wake, ubwino wa dzanja lomwe linapenta, kukula kwake, ngati zili ziwiri zofanana kapena seti yathunthu, ndi zomwe ogula akufuna chaka chimenecho. Imari wamba wa Meiji amagulidwa ndi mapaundi makumi angapo. Kakiemon weniweni wa m'ma 1600 amafika m'zikwi. Ndipo apa a Turnover Club angaseke: mbale yabwino ya Spode kapena ya Mason yoyambirira imatha kuposa mtengo wa mbale wamba ya ku Japan yomwe ikufanana nayo. Achinyamata a masiku ano sakonda makabati agalasi, ndiye mitengo ya ziwiya zapakatikati inatsika. Dziwaninso kuti mtengo wa inshulansi, womwe ndi ndalama zogulira ina yofanana nayo m'sitolo, umakhala wokwera kuposa womwe mungalandire ku okushoni, komwe ogulitsawo amadulaponso gawo lawo. Lisiti lakale, kalata kapena chithunzi choonetsa mbaleyo m'nyumba ya agogo n'zofunika kuzisunga pamodzi ndi mbale, chifukwa nkhani ya pakamwa yokha wogula sailipira.

Chomwe chimagwetsa mtengo msanga ndi chilema. Katswiri amakhazika mbale pa nsonga za zala n'kuigogoda ndi chikhadabo, monga amachitira mayi pamsika asanagule mphika wadothi. Yamoyo imalira ngwee, kulirako n'kukhalitsa. Yamng'alu imangoti phwa, ngakhale mng'aluwo usaoneke. Pokonzedwa ndi utoto wamakono pamamveka pofunda ndi pofewa mukakhudza ndi dzino kapena nsonga ya singano, ndipo pa nyali ya ultraviolet pamawala mosiyana ndi ponse. Golide wofufutika pakati amasonyeza kuti mbale inkadyeredwa, ndipo zimenezo si mlandu waukulu. Mlandu ndi mawaya opachikira pakhoma, omwe amaluma m'mphepete mpaka kubenthula, ndi makina otsukira mbale, omwe amasesa golide wa zaka 200 m'masabata ochepa. Madzi ofunda, sopo pang'ono ndi thaulo loyala pansi pa beseni, basi zakwana.

Mbale zina mukazitembenuza mupeza tizitsulo tamkuwa titaluma mng'alu kuchokera mbali ina kufika ina. Imeneyo ndi ntchito ya amisiri okonza ziwiya a nthawi yomwe guluu wolimba kunalibe. Ankaboola timabowo tiwiritiwiri ndi kachiboolero ka nsonga ya dayamondi, mozama theka la dothi osatulukira kumaso, n'kulowetsamo kachitsulo kopinda komwe kankakoka mbali ziwirizo kuti zigwirane. Mbale yokonzedwa bwino motere inkabwerera patebulo osadontha msuzi. Ku Japan ankalumikiza ndi utomoni wa mtengo wa urushi n'kuwaza golide pamsoko, njira yotchedwa kintsugi. Ku okushoni mbale ya tizitsulo imatsika mtengo kwambiri, ngakhale pali osonkhanitsa ena omwe amafuna zokonzedwa motero zokhazokha, ndipo ambiri osunga ziwiya zakale masiku ano amalangiza kuti ngati tizitsuloto sitinachite dzimbiri, tisachotsedwe.